Namafunso ndi Mazira Ochedwa Kuswa

Namafunso ankafuna anapiye. Sankafuna anapiye ogula. Ankafuna anapiye a Mawanga.

Namafunso anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Iye ankafunsa m'mawa. Ankafunsa masana. Ankafunsa ngakhale mswachi uli m'kamwa.

Bambo ankakonza mafiriji. Ankagwirira ntchito pakhonde la kuseri. Mayi ankasoka zovala. Iwo ankagwirira ntchito m'chipinda chapakati.

Mawanga anali nkhuku ya Namafunso. Inali nkhuku imodzi yokha pakhomopo. Masana Mawanga ankayenda ndi tambala wa aneba. Madzulo ankabwerera kwawo.

Tsiku lina galu wachilendo analowa kumpanda. Galuyo anagwira Mawanga. Namafunso anali kusukulu. Pobwera anangopeza nthenga. Analira mpaka maso anatupa.

Mawa lake Mayi ankasesa pakhonde. Anasuzumira kuseri kwa firiji yakufa. Anaona chisa. M'chisamo munali mazira. Namafunso anawawerenga. Anali asanu ndi atatu.

Namafunso anafunsa kuti awafungatira ndani. Bambo anakanda mutu. Anayang'ana mazira. Anayang'ana mwana wawo. Kenaka anapita kukatenga zida.

Pakona panali kafiriji kakang'ono kakale. Bambo anakatsuka bwinobwino. Anaikamo babu. Anaikamo kafani. Anaikamo kambale ka madzi. Pachitseko anaikapo galasi. M'mbali anaboola timabowo ta mpweya. Pamwamba anaika kabatani kozungulira, kowonjezera kutentha. Pomaliza anakolowekamo choyezera kutentha. Chinali chakale ndithu. Anachitenga pansi pa bokosi la zida.

Bambo anati amenewa ndi makina ofungatira mazira. Anati babu lidzakhala ngati chifuwa cha nkhuku.

Mayi anaseka.

"Bambo a Namafunso, moyo wanu wonse mumaziziritsa zinthu. Lero mukufuna kutenthetsa?"

Bambo nawo anaseka. Anati wodziwa njira yopita amadziwanso yobwerera.

Makinawo anawaika m'chipinda chosokera. M'menemo simunkalowa mphepo. Bambo anayatsa babu. Kafani kanayamba kulira pang'onopang'ono. Choyezera chinakwera, chinakwera, kenaka chinaima. Chinaima pa 37 ndi theka. Bambo anati pamenepo m'pabwino.

Namafunso anafunsa kuti anapiye atuluka liti. Bambo anati pakatha masiku 21. Namafunso anafunsa ngati mazira amatopa kugonera mbali imodzi. Bambo anati inde, amatopa. Anati ayenera kutembenuzidwa katatu pa tsiku.

Namafunso anatenga pensulo. Pa dzira lililonse anajambula kampira. Kuseri kwake anajambula kamtanda. M'mawa ankasamba m'manja n'kutembenuza mazira. Timipira tinkayang'ana kumwamba. Masana Mayi ankatembenuza. Timitanda tinkayang'ana kumwamba. Madzulo Namafunso ankatembenuzanso.

Pakhoma panali kalendala. Tsiku likatha, Namafunso ankachongapo. Anachonga kamodzi. Anachonga kawiri. Anachonga kakhumi. Pensulo inafupika.

Linafika tsiku la 18. Bambo anati basi, kutembenuza kwatha. Anawonjezera madzi m'kambale. Anatseka chitseko. Anati tsopano wina asatsegulenso. Anati anapiye akukonzeka kutuluka.

Tsiku la 21 linali Loweruka. Kusukulu kunalibe. Namafunso anadzuka m'mamawa. Anatenga kampando. Anakhala patsogolo pa galasi.

Anayang'ana. Mazira anali duu.

Anapita kukasamba. Anabwerera mothamanga. Mazira anali duu.

Anatsuka mbale. Anabwereranso. Mazira anali duu.

Mayi ankapalasa makina osokera. Anamuyang'ana cham'mbali. Anamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Namafunso anafunsa ngati nkhono imadekha masiku 21. Mayi anangomwetulira.

Dzuwa linalowa. Palibe dzira lomwe linasweka.

Tsiku la 22 linali Lamulungu. Namafunso anakhalanso pakampando. Mphuno yake inagunda galasi. Mazira anali duu, onse asanu ndi atatu.

Pamenepo mafunso anayamba kubwera.

Namafunso anafunsa ngati anawerenga bwino masiku. Bambo anapita naye pakalendala. Anawerenga limodzi, chala chili pa tsiku. Masiku anali 22. Kuwerenga kunali bwino.

Namafunso anafunsa ngati magetsi anazimapo. Mayi anati anazima kamodzi kokha. Anati sanachedwe kuyakanso. Anati anafunditsa makinawo bulangete. Magetsi anali bwino.

Namafunso anafunsa ngati madzi alimo. Bambo anasuzumira pagalasi. Kambale kanali ndi madzi. Madzi anali bwino.

Namafunso anafunsa za kutentha. Bambo analoza choyezera. Chinali pomwe paja, pa 37 ndi theka. Bambo anati kutentha kulinso bwino.

"Ngati zonse zili bwino, nanga anapiye ali kuti?"

Bambo anakhala pansi. Anamukhazika pamwendo. Anamuuza kuti mwina mazira anasukusa. Anati dzira losukusa limakhala lopanda mwanapiye. Anati zimachitika, ngakhale pansi pa nkhuku.

Mayi analinso ndi nkhawa yawo. Anati dzira losukusa limaphulika. Likaphulika limanunkha kwambiri. M'chipindamo munali zovala za anthu. Munali diresi loyera. Munali mayunifolomu a ana asukulu. Fungo likanalowa m'zovala zonsezo.

Bambo analankhula motsitsa mawu.

"Mwana wanga, tayesetsa. Mawa m'mawa ndizimitsa babu."

Namafunso sanafunsenso kanthu. Anatsika pamwendo pa Bambo. Anapita kuchipinda chake. Anagona chafufumimba.

Masana Mayi anamuitana kuti adzadye. Iye anakana. Mayi anamuitananso. Iye anakananso. Mayi analowa m'chipindamo. Anamugwira pachipumi. Panali potentha. Nyumba inali zii, yopanda funso ndi limodzi lomwe. Mayi anachita mantha.

M'nyumba yoyandikana ndi yawo munkakhala Anamwino. Tambala uja anali wawo. Tsikulo Anamwino sanapite kuchipatala. Ankayanika zovala pachingwe. Mayi anawaitana pampanda. Anamwino anapukuta m'manja. Anabwera ndi kachikwama kawo.

Anamwino anakhala m'mbali mwa bedi. Anatulutsa choyezera kutentha thupi. Chinali chaching'ono ngati cholembera. Anachiika kukhwapa kwa Namafunso. Anadikira. Choyezeracho chinalira kuti pii, pii. Chinaonetsa 37.

Anamwino anati mwanayu sakudwala. Anati watentha ndi kulira. Anamufunsa chomwe chikumuwawa. Namafunso anafotokoza zonse. Anafotokoza za Mawanga. Anafotokoza za mazira. Anafotokoza za babu lomwe lizimitsidwe mawa.

Anamwino anamvetsera mpaka mwanayo anamaliza. Sanamudule mawu.

Namafunso anapukuta misozi. Anayang'ana choyezera cha Anamwino. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadzuka n'kukhala tsonga.

"Anti, kodi choyezera chimanama?"

Anamwino anati choyezera sichinama dala. Koma chikakalamba chimasokonezeka. Anati kuchipatala akakayika, amayezanso ndi china.

"Nanga chanuchi chingayeze makina a mazira?"

Anamwino anayang'ana Mayi. Mayi anayang'ana Bambo, omwe anaima pakhomo. Bambo anakanda mutu. Anati tiyeni tiyese.

Onse anapita m'chipinda chosokera. Sanatsegule chitseko cha makina. Namafunso analowetsa choyezeracho pa kabowo ka mpweya. Nsonga yake inafika pafupi ndi mazira. Anadikira. Anadikirabe. Choyezeracho chinalira kuti pii, pii.

Namafunso anachitulutsa. Anawerenga mokweza. Chinaonetsa 36 ndi theka.

Bambo anayang'ana choyezera chawo. Chinali pa 37 ndi theka. Anati ayezenso. Namafunso anayezanso. Chinaonetsa 36 ndi theka. Anayeza kachitatu pa kabowo kena. Sichinasinthe.

Bambo anagwira pakamwa. Choyezera chawo chakale chinali chitasokonezeka. Masiku onsewa m'makina munali mozizirirapo. Kuzizirako kunali kochepa. Dzanja silikanakumva. Koma mazira anakumva.

Mayi anafuna kunena za mafiriji. Anaona nkhope ya Bambo. Anangoluma mlomo.

Anamwino anati asataye mtima. Anati kamwana kakazizidwa kamakula pang'onopang'ono. Anati mwina anapiye sanafe. Mwina angochedwa.

Namafunso anafunsa kuti adziwa bwanji.

Anamwino anatsegulanso kachikwama. Anatulutsa chomvera kugunda kwa mtima. Chinali ndi timapaipi tiwiri ta m'makutu. Kumapeto kwake kunali kachitsulo kozungulira. Anamwino anakafunditsa m'manja mwawo. Kenaka anaika timapaipito m'makutu mwa Namafunso.

Bambo anati atsegula kamodzi kokha, mwachangu. Anatsegula. Anatenga dzira limodzi. Anatseka. Analigwira mosamala, osaligwedeza.

Mayi anazimitsa wailesi. Aliyense anakhala chete. Namafunso anaika kachitsulo pa dzira. Anatsinzina.

Poyamba sanamve kanthu. Anangomva kupuma kwake. Anasiya kupuma pang'ono. Anamvetseranso.

Tho. Tho, tho.

Namafunso anatsegula maso. Anatsinzinanso.

Tho, tho. Kenaka kamawu kakang'ono kwambiri. Piyo.

"Bambo, m'dziramu muli munthu," ananong'ona.

Onse anaseka, koma mosaphokosera. Bambo anamvetsera nawo. Mayi anamvetsera nawo. Mofulumira Bambo anabwezera dzira pamalo pake. Anatseka chitseko.

Bambo anati babu silizimitsidwa. Anagwira kabatani kaja. Anazunguliza pang'ono chabe. Namafunso anafuna kuti azungulize kwambiri. Anafuna kuti anapiye atuluke msanga. Bambo anati ayi. Anati kutentha kukachuluka n'koopsa kuposa kuzizira. Anati apite nako pang'onopang'ono.

Anadikira. Namafunso anayeza. Anadikiranso. Namafunso anayezanso. Chakumadzulo choyezera cha Anamwino chinafika pa 37 ndi theka. Chinakhazikika pamenepo.

Mayi anafunditsa madzi. Bambo analowetsa kapaipi pa kabowo. Anathira madziwo m'kambale osatsegula chitseko. Anati chinyezi chimafewetsa mkati mwa chigoba. Mayi anachotsa diresi loyera m'chipindamo. Anachotsanso mayunifolomu. Anati mazira akhale ndi chipinda chawochawo.

Anamwino anasiya choyezera chawo. Anati adzachitenga anapiye akatuluka. Namafunso anathokoza. Kenaka anati ali ndi njala. Anadya mbale yonse. Anapempha zina.

Tsiku la 23 linali Lolemba. Namafunso anadzuka asanadzutsidwe. Anathamangira pagalasi. Pa dzira limodzi panali kabowo. Kanali kakang'ono ngati kambewu. Pa kabowopo panali kamlomo. Kamlomoko kanasuntha.

Namafunso anaitana Mayi. Anaitana Bambo. Bambo anabwera sopo ali kumaso.

Namafunso anafunsa ngati angajombe kusukulu. Mayi anati ayi. Anafunsa ngati angamuthandize mwanapiye kusenda chigoba. Mayi anatinso ayi. Anati ali mwana anasendapo dzira lotere. Mwanapiyeyo anatuluka magazi ndipo sanachire. Anati mwanapiye amaboola, kenaka amapuma. Akapuma amapeza mphamvu. Ntchitoyo ndi yake yekha.

Namafunso anabisa manja ake kumbuyo. Anapita kusukulu.

M'kalasi aphunzitsi analemba ziro pabolodi. Namafunso anaona dzira. Analemba ziro wina. Namafunso anaona dzira lina. Belu litalira, iye anali woyamba kutuluka. Anathamanga msewu wonse. Chikwama chinkamenya pamsana.

Anapeza Mayi atakhala pakampando kake. Makina osokera anali chete. Bambo anagwada pambali pawo. Sipanala inali ikadali m'manja.

Mng'alu unali utazungulira dzira lonse. Dziralo linagwedezeka. Linapuma. Linagwedezekanso. Kamwendo kanakankha. Chigoba chinatseguka.

Mwanapiye anagwera panja. Anali wonyowa. Anali wotopa. Anagona khosi lili tantha. Namafunso anafunsa ngati wadwala. Mayi anati wangotopa.

Patapita nthawi mwanapiye anadzutsa mutu. Anatsegula diso limodzi. Anati piyo. Dzira lina linamuyankha mkati. Linati piyo.

Madzulo omwewo wachiwiri anatuluka. Mawa lake m'mawa anali anayi. Masana anali asanu. Onse anauma. Nthenga zawo zinafufuma ngati thonje. Ankapondana. Ankagwa. Ankadzukanso.

Mazira atatu anatsala. Anawadikira tsiku lina lathunthu. Anamwino anabwera ndi chomvera chija. Namafunso anamvetsera dzira loyamba. Munali zii. Anamvetsera lachiwiri. Munali zii. Lachitatu nalo munali zii.

Namafunso anamva chisoni. Bambo anamvanso chisoni. Anati mwina kuzizira kuja n'kumene kunawalepheretsa. Anapepesa. Namafunso anawagwira dzanja. Anapita limodzi kukakwirira mazirawo kuseri kwa nyumba.

Mayi anakonza katoni yaikulu. Anayalamo utuchi wouma. Bambo anapachika babu pamwamba pake. Namafunso anaikamo chakudya cha anapiye. Anaikamo madzi pa kachivundikiro. M'madzimo anaikamo timiyala kuti anapiye asamire. Kenaka anawasamutsa mmodzimmodzi. Mmodzi. Awiri. Atatu. Anayi. Asanu.

Namafunso anatsuka choyezera cha Anamwino. Anachipukuta ndi kansalu koyera. Anachipereka mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, Anti. Pakanapanda inu, babu likanazima."

Anamwino anati iwo anangobwera ndi chikwama. Anati funso linali la Namafunso.

Bambo anavomereza. Anati safunsa anadya phula. Anati iwo sanachikayikire choyezera chija ngakhale kamodzi. Anamuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Zikomo, mwana wanga."

Namafunso anachita manyazi. Anathokoza Bambo chifukwa cha makina. Mayi anatsokomola dala. Anafunsa ngati mazira ankadzitembenuza okha masana. Namafunso anathamanga n'kuwakumbatira. Anathokoza kawiri, kenaka kachitatu.

Namafunso anauza Anamwino kuti asankhe mwanapiye mmodzi. Anamwino anasankha wakuda. Anati akulire kaye pamodzi ndi abale ake. Anati azibwera kudzamuona.

Mayi anabweretsa tiyi. Onse anakhala pansi mozungulira katoni. Bambo anamwa pang'ono. Anati ayenera kubwerera kuntchito. Firiji ya anthu inali kudikira pakhonde.

Asananyamuke, anapisa dzanja m'katoni. Ankafuna kumva ngati muli mofunda. Dzanja la Bambo linali lalikulu. Linali lokhakhala ndi ntchito. Mwanapiye womaliza analiyang'ana. Anajompha chala. Anakwera pachikhatho. Anazungulira kamodzi. Anakhala pansi. Maso ake anatsekeka.

Wina anabwera. Anakwera nayenso. Anapanikiza mnzake. Anagona.

Bambo anafuna kuchotsa dzanja. Namafunso anapukusa mutu. Mayi anapukusa mutu. Anamwino anati odwala akagona sadzutsidwa.

"Nanga tiyi wanga?" Bambo ananong'ona.

Namafunso ananyamula kapu ndi manja awiri. Anauzira kuti tiyi azizire. Anaika kapuyo pakamwa pa Bambo. Bambo anamwa pang'onopang'ono. Mayi anaseka atatseka pakamwa.

Firiji inadikira pakhonde. Bambo sanasunthe. Anapiye awiri anagona tulo tabwino.